Phulusa limene Limbani anatengera mayi ake

Loweruka lapitali ndinapita ku Reiger Park kukagula masamba.

Amene mumakhala kuno ku Joni mukudziwa mmene zimakhalira. Utha kudya kabichi ndi sipinachi wa m'sitolo miyezi ndi miyezi osadandaula, koma limafika tsiku loti pakamwa pangofuna chisoso basi. Tsiku lotere ine ndimakwera teksi ku Kempton Park n'kukatsika kwa a Nabanda.

A Nabanda ndi mayi wa ku Dedza. Anabwera kuno kalekale kutsatira amuna awo, amene anali mtchona wa m'migodi ya golide. Mayiwo agwira ntchito za m'nyumba za anthu mpaka mawondo atakana. Amuna awo anamwalira ndi chifuwa cha fumbi la kumgodi, ndipo anawasiyira nyumba ya malata ndi kamalo kuseri kwake. Pakamalo pamenepo a Nabanda anapangapo dimba. Ndi laling'ono, munthu utha kulidumpha, koma mumapezeka mpiru, chisoso, bonongwe, therere, ndi nkhwani umene umakwera mpanda mpaka kukasuzumira kwa aneba.

Ndinawapeza atakhala pa kreti pakhomo, nkhope ili ngwee. Patsogolo pawo panali chitini choboola pansi, atachikhazika pa mbale, madzi akudontha pang'onopang'ono.

“Wabwera tsiku labwino, mwanangu,” anatero. “Lero tidya therere la chidulo. Osati za soda zanu zija.”

Achinyamata obadwira kuno mwina simukudziwa chidulo. Kumudzi amayi amaotcha zitsononkho kapena makoko a nyemba, n'kuika phulusalo m'chitini choboola, n'kuthiramo madzi. Madzi amene amadontha pansiwo ndiwo chidulo, ndipo therere lophikira madzi amenewo lili ndi kukoma kwake kumene soda sangakupatseni. Koma kuno phulusa labwino ulipeza kuti? Timaphikira magetsi ndi parafini. Mbaula za m'nyengo yozizira timasonkhezera matabwa a penti ndi mapulasitiki. Kwa zaka zambiri a Nabanda akhala akudandaula za phulusa ngati mmene ena amadandaulira za abale amene sanawaone.

“Mwalipeza kuti?” ndinafunsa.

“Limbani! Matumba awiri, mwanangu. Wachoka nawo kutali, ku Mpumalanga.”

Limbani ndi mwana wawo wotsiriza. Amagwira ntchito ku kampani ina ya ku Spartan yobowola pansi, ndipo amatha milungu ali kutchire ndi makina. Ndi mwamuna wamkulu tsopano, wa pabanja, koma wofatsa moti akamalankhula umachita kusendera pafupi.

Ndinawerama kuti ndione chidulocho. Fungo ndi limene linayamba kundipeza. Silinali fungo la phulusa. Linali ngati la msewu umene angothira phula, losakanikirana ndi la mankhwala aja otsukira zimbudzi. Pamwamba pa madziwo panayandama kanthu konyezimira mitundumitundu, ngati mafuta a galimoto pa chithaphwi cha pa renki ya mateksi.

“Amayi, simukumva fungoli?”

Anaseka. “Mphuno zangazi zinafa ndi chimfine cha chaka chija. Bwanji, likununkha?”

Ndinapempha kuona thumbalo. M'kati munali zotuwa ngati phulusa ndithu, koma munalinso timiyala takuda topepuka, ndi tina tonata tomatirira ku zala.

Limbani anali m'nyumba, atabwera kudzapuma pa ofu. Anatuluka akupukuta m'manja, mkazi wake Lerato ali pambuyo. Lerato ndi Msotho wa komweko ku Boksburg, ndipo ndi woyembekezera, mimba yaoneka kale. Therere analiphunzirira kwa apongozi akewo, ndipo masiku ano akuti ndi chokhacho chimene chimakhazikika m'mimba mwake. Chidulo chija chinali cha iye.

“Achimwene, phulusali ndi la nkhuni zanji?” ndinafunsa.

“Si la nkhuni, asisi. Ndi la malasha.”

Anafotokoza bwinobwino, monyadira ntchito yake. Kumene akubowola kuja, zaka zapitazo anthu anayatsa malasha ali pansi pa nthaka pomwepo, osawakumba. Amabowola dzenje lakuya mpaka kufika pa malasha, n'kupoperamo mpweya, n'kuyatsa. Malashawo amanyeka pang'onopang'ono konko, ndipo gasi amene amatuluka amakwera pa dzenje lina n'kukagwira ntchito yake. Motowo unazimitsidwa kale. Tsopano Limbani ndi anzake anawatuma kuti akabowole pamene panapsa paja, atulutse zotsala kuti zikayezedwe. Zina amaziika m'mabokosi n'kupita nazo ku labu. Zina zonyenyeka amaziunjika pa pepala lalikulu la pulasitiki, kudikira lole yodzazitenga.

“Ndiye ndinangoona mulu wa phulusa uli pomwepo, woti akukataya,” anatero. “Ndinakumbukira amayi.”

“Nanga akukaziyezeranji?”

Sindinafunse mwa nzeru ayi. Funsolo linangotuluka. Koma Limbani anayang'ana mbale ija. Kenaka anati chapansipansi, “Amatiuza kuti tizivala magolovesi. Koma amatero pa chilichonse, asisi. Ngakhale ponyamula paipi.”

Kuntchito kwawoko kuli mayi wina Mzulu amene amayeza madzi a m'mayenje aja. Limbani anali ndi nambala yake. Anatulutsa foni, n'kuigwira m'manja, osaimba. Tonse tinadziwa chifukwa chake. Kuimba kunali kuulula kuti anatulutsa katundu pa ntchito popanda chilolezo. Inu mukudziwa kuti Mmalawi wa kontilakiti kuno sachita kulakwa kawiri. Ndipo mwana ali m'njira.

“Mwina tingolitaya mwakachetechete,” anatero. “Sitigwiritsanso ntchito, basi.”

A Nabanda anatembenukira kwa iye.

“Limbani, ine phulusali ndinawaza kale pa mpiru. Chibwerere nalo ulendo watha uja. Nsabwe zinachuluka m'masamba, ndiye ndinawaza, ndi pansi pomwe ndinathira. Mpiru umenewo mkazi wakoyu wadya.”

Sindidzaiwala nkhope ya mnyamata uja. Anakhala pansi pa dothi pomwepo. Lerato samva Chichewa chonse, koma dzina la mpiru amalidziwa. Anayang'ana dimba, n'kuyang'ana mwamuna wake. Ndinaganiza kuti akuwa. Koma anangosendera n'kuika dzanja pakhosi pake, kumbuyoku, ngati mmene timagwirira mwana amene watentha thupi.

“Imba,” anatero a Nabanda. “Ntchito ikatha udzapeza ina. Imba, mwanangu.”

Anaimba, n'kukweza mawu a foni kuti tonse timve. Mayi uja anamvetsera mpaka kumapeto. Funso lake loyamba linali lakuti, “Pali amene wamwa madziwo?” Titati ayi, tinamumva akupuma.

Analankhula Chizulu chosakaniza ndi Chingerezi, ndipo ndikuuzani monga ndinamvera. Malasha akapsa pansi pa nthaka sapsa onse ngati chikuni pa moto. Pamatsala phulusa, pamatsala makala osapsa bwino, pamatsalanso phula. M'zotsalazo mumakhala ziphe. Zina ndi zimene zimanunkha zija, amazitcha fenolo ndi benzini, ndipo zina mwa izo zimatha kuyambitsa khansa munthu akakhala akuzilowetsa m'thupi nthawi yaitali. Zina ndi zitsulo zosaoneka ndi maso, monga aseniki, zimene zinali m'malasha chikhalire ndipo moto sungazithe. Madzi akadutsa m'zotsalazo amasungunula ziphezo n'kuyenda nazo. Ntchito yake yonse, anatero, ndi kuthira madzi pa zotsalazo n'kuona kuti atuluka ndi chiyani.

“Ndiye zimene apanga amayi anu m'chitinimo,” anati, “ndi zomwezo zimene ife timapanga ku labu. Kusiyana kwake n'koti ife sitiphikira.”

Sanatiopseze, komanso sanatinamize. Anati sangadziwe kuchuluka kwa chiphe m'thumbamo asanayeze. Anati kudya kangapo masamba otsukidwa si chimodzimodzi ndi kumwa madziwo kwa zaka, koma Lerato apite ku kiliniki akanene zonse. Masamba a m'dimbalo asadyedwenso. Chidulo achithire m'botolo n'kutseka, asachitaye pansi. Matumba amangidwe. Dothi la pamwamba lipalidwe.

Ndinakumbuka kuti nanenso ulendo wathawu ndinachoka pamenepo ndi mpukutu wa mpiru. Ndinaudya ndekha, ndi tomato, n'kunyambita zala.

Dimba tinalizula masana omwewo. Limbani anafuna kuchita yekha, koma a Nabanda anakana kukhala pansi. Anavala mapepala a pulasitiki m'manja, n'kuyamba ndi chisoso. Atafika pa nkhwani anaima. Mbewu yake inachokera ku Dedza, kwa mng'ono wawo amene anamwalira iwo ali kuno, maliro ake osapitako chifukwa mapepala awo okhalira kuno anali atatha. Chaka ndi chaka akhala akusunga nthanga za maungu omwewo n'kubzalanso. Maungu a chaka chino anali atangoyamba kubereka, timaungu tating'ono tokhala ngati zibakera za khanda.

Nkhwaniwo anaumasula pa mpanda pang'onopang'ono, chingwe ndi chingwe, osadula. Kenaka anauzula n'kuupinda bwinobwino ngati nsalu, n'kuuika m'thumba la zinyalala.

Limbani anali akupala dothi ndi fosholo, misozi ikutsika, osaipukuta.

“Amayi, ndakuonongerani dimba. Ndikanapha mwana wanga.”

A Nabanda anavula mapepala aja m'manja. Anapita pamene anaima, n'kumugwira masaya onse awiri, munthu wa ndevu zake.

“Tamvera. Ana anga andibweretserapo mabulangete, andibweretserapo foni, wina anandigulira firiji. Zikomo kwa onse. Koma amene anamva kuti mayi akulira phulusa ndi iwe wekha. Unalisenza kuchoka kutali. Ine ndalandira. Kuti ndi loipa, amene analiipitsa si iwe.”

Ine ndinayang'ana kumbali, kuphiri lachikasu lija la dothi la m'migodi limene limaoneka kuchokera pakhomo pawo. Sindinafune kuti andione.

Chibwerereni kumeneko nkhaniyi sikuchoka m'mutu mwanga.

Ife Amalawi phulusa timalikhulupirira. Timatsukira mapoto. Timathira m'chimbudzi kuti fungo lithe. Timawaza pakhomo linthumbu likabwera, timasungira nyemba kuti zisafumbwe, sopo akasowa timasambira m'manja. M'maganizo mwathu chimene chadutsa pa moto ndi choyera. Ndani anatiuzapo kuti kuli phulusa lina limene moto umasiya lili loipa kuposa mmene unalipezera?

Ndipo si phulusa lokha. Tiyeni tinene zoona, abale anga. Ndi angati a ife amene timasungira madzi akumwa m'zigubu zochokera ku mafakitale a ku Spartan, osadziwa kuti munali chiyani? Ndi angati timaotha matabwa obiriwira aja, othiridwa mankhwala a chiswe, ana atazungulira mbaula? Ena amatapa mchenga wa m'mapiri achikasu aja kukazirira pansi m'nyumba, chifukwa ndi wosalala, ndi waulere, ndipo uli pafupi.

Sindikunena kuti ndife akuba. Sindikunenanso kuti ndife opusa. Tinaleredwa kuti chinthu sichitayidwa. Munthu ukaona chinthu chabwinobwino chikupita ku dzala, umayamba kuganiza za amene chingamuthandize kunyumba. Ndi chikondi chimenecho. Ndi mtima womwewo umene umadzaza mabasi a ku Lilongwe ndi mipando yakale ndi njinga zopanda tcheni.

Koma dziko limene tabweramoli lili ndi zinyalala zimene agogo athu sanazidziwe. Maso amene tinabwera nawo sazizindikira.

Ndiye ndili ndi pempho kwa inu amene mumayang'anira anthu pa ntchito. Kuuza munthu kuti “vala magolovesi” si kumuphunzitsa. Chikwangwani cha Chingerezi chokhala ndi chigaza si kumuphunzitsa. Limbani wakhala akutulutsa zinthu zimenezi pansi ndi manja ake, tsiku ndi tsiku, ndipo panalibe amene anakhala naye pansi n'kumuuza kuti, “M'bale, ichi chikuoneka ngati phulusa, koma chikalowa m'madzi chimadwalitsa.” Mayi uja anatifotokozera pa foni nthawi yosakwana kuwiritsa tiyi, ndipo tonse tinamva, ndi a Nabanda omwe amene sukulu anailekeza panjira. Chinavuta n'chiyani kunena zomwezo tsiku loyamba?

Kwa ife antchito, funso lija limene linandipulumuka ndikufuna tonse tilizolowere. Akukaziyezeranji? Akuzitayiranji? Bwanji aziika pa pulasitiki osati pa dothi? Kufunsa si mwano. Bwana akakwiya ndi funso lotere, mwadziwa kale kuti yankho lake si labwino.

Sindikufuna kuti muziti ndikudana ndi njira imeneyi yootchera malasha pansi. Ine si katswiri. A Nabanda omwe, titamaliza kuzula dimba, ananena mawu amene anandikhudza. Anati, “Bola kumeneko sikulowa munthu. Bambo ake a Limbani akanakhala kuti ankagwira ntchito ali pamwamba, bwenzi lero akuona mdzukulu.” Akunena zoona. Amene anaikapo m'manda mtchona wa chifuwa amadziwa mtengo wa kutsikira pansi. Ngati pali njira yoti magetsi ayake popanda mwamuna wa wina kukapuma fumbi mumdima, ndani angaikane?

Koma taganizani. Zimene Limbani anabweretsa ndi matumba awiri okha, ndipo zatha dimba lonse. Zotsala zenizeni zili komweko, pansi, m'phanga limene moto unasiya. Palibe lole imene idzapite kukazitenga. Moto ukazima madzi a pansi amabwerera n'kudzaza phangalo, n'kukhala m'phulusamo, m'phulamo. Akatswiri amati malo akasankhidwa bwino, ndipo phangalo likatsukidwa, madzi oipawo sapita patali. Mwina ndi zoona. Koma pamwamba pake pali mafamu. Pali ng'ombe. Pali mijigo imene antchito a m'mafamu amatungapo, ndipo pakati pa antchitowo pali abale athu omwe, a ku Mzimba, a ku Mangochi, amene sadziwa n'komwe kuti pansi pa mapazi awo panayakapo moto.

Ndikuuzeni mmene zathera, poti ndikudziwa mukufuna kumva.

Lolemba Lerato anapita ku kiliniki ndi apongozi ake. Anesi anamvetsera mtima wa mwana, ukugunda bwino. Anamutenga magazi n'kumuuza kuti azibwera pafupipafupi. Limbani anabweza matumba aja ku ntchito, pamodzi ndi dothi limene tinapala. Anamuitanira mu ofesi, anamukalipira, anamuchenjeza komaliza, koma sanamuchotse. Akuti mayi woyeza madzi uja analowa nawo mu ofesimo osaitanidwa. Zimene ananena sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'choti m'mawa mwake anyamata onse obowola anawakhazika pansi n'kuwafotokozera za mulu uja, ndipo awiri anadzuka n'kunena kuti nawonso anatapako. Wina anathira m'chimbudzi kwawo ku Tembisa. Wina anapatsa apongozi ake kuti azitsukira mapoto.

Lachitatu madzulo mayiyo anabwera yekha ku Reiger Park ataweruka, pa galimoto yake. Ine ndinapitanso, chifukwa a Nabanda anati ndikawathandize Chizulu. Ndi mayi wamfupi, wa nsapato zafumbi. Anagwada m'dimba lopanda kanthu lija n'kutapa dothi m'timabotolo. Anati zotsatira zitenga nthawi, ndipo pakadali pano asabzale pansi, abzale m'matayala ndi dothi lochokera kwina. Aneba a mayi Nabanda, bambo wina wa ku Mozambique, anali atabweretsa kale matayala akale ndi wilibala ya manyowa, osapemphedwa.

A Nabanda anam'patsa mayi uja tiyi ndi mbatata. Anadya ataimirira.

Pomuperekeza ku galimoto ndinamufunsa kuti madzi a kumalo kuja adzawayeza mpaka liti.

Anatsegula chitseko, n'kuima atachigwira.

“Kontilakiti yanga ikutha chaka chamawa, sisi,” anatero. “Ya a Limbani itha isanafike yanga. Zinthu zija zikhala pansipo ife tonse titapita.”

“Ndiye adzayeza ndani?”

Anandiyang'ana, n'kukweza mapewa pang'ono, mwachisoni osati mwamwano. Analowa m'galimoto n'kupita.

Funsolo ndabwera nalo kwa inu, chifukwa ine ndalephera kuliyankha. Makina akadzapakiridwa, mpanda ukadzagwa, kampani ikadzasintha dzina, kudzakhala mayi wina pa famu ina amene adzapite pa mjigo m'mawa ndi ndowa yake, mwana ali kumbuyo. Sadzakhala ndi nambala ya foni ya munthu aliyense. Adzamuuza ndani?